Pepala Loonekera: Kasankhidwe ndi Kagwiritsidwe Ntchito Kake Pojambula

Lero tikamba za chipangizo chopepuka, chimene kamphepo kayaziyazi kangathe kuchiulutsa patebulo, koma chimene chimagwira ntchito yaikulu m'manja mwa aphunzitsi, ana asukulu, atelala, amayi opeta nsalu ndiponso amisiri olemba zikwangwani. Chipangizo chimenechi ndi pepala loonekera, lija m'masitolo ogulitsa mabuku ndi zolembera amalitchula kuti tracing paper.

Munthu woyenda mumsewu wochokera mumzinda wa Lilongwe kupita ku Likuni, kudzera pa Chinsapo, amaona zithunzi ndi malemba kumanja ndi kumanzere: mitu yometedwa bwino pakhoma la wometa tsitsi, ng'ombe yonenepa pabutchala, dzina la mwini wake pamwamba pa khomo la golosale. Ku Likuni kumene msewuwo ukupita ndi malo amene adatchuka ndi sukulu zake, chipatala chake, ndiponso ntchito yosindikiza mabuku ya Likuni Press. Tsono wolemba chikwangwani pa Chinsapo, mphunzitsi wofuna mapu pabolodi, ndi wokonza zithunzi za m'buku, onsewa amakumana ndi vuto limodzi: kusamutsa mzere kuuchotsa pamene uli ndi kuupititsa pamene ukufunika, popanda kuupotoza ndiponso popanda kuononga chithunzi choyambacho. Imeneyi ndiyo ntchito ya pepala loonekera. Ilo limanyamula mzere, koma kupenya ndi kuganiza kumatsala ndi wojambulayo.

Chifukwa chimene limaonekera

Pepala lililonse limapangidwa ndi timaulusi ting'onoting'ono tochokera kumitengo kapena kuthonje, topiringizana ngati udzu wa pachisa cha mbalame. Pakati pa timaulusi timeneti pali timipata todzaza ndi mpweya. Kuwala kukalowa m'pepala kumakhota nthawi iliyonse pamene kukuchoka m'kaulusi kulowa mumpweya, ndi pamene kukuchoka mumpweya kulowa m'kaulusi kena, kufikira kutamwazikira mbali zonse. Ndicho chifukwa chake pepala wamba limaoneka loyera, ndipo sititha kuona chimene chili kuseri kwake. Mpweyawo ukachotsedwa, kuwala kumadutsa mosavuta.

Tonsefe tidaziona kale zimenezi. Mukagula mandasi kapena zitumbuwa pamsika wa Kawale, wogulitsa nakukulungirani m'pepala, malo amene pagwera mafuta amayamba kuonekera mpaka malemba a kuseri kumawerengeka. Mafutawo alowa m'timipata tija nathamangitsa mpweya, ndipo kuwala kumayenda m'mafuta pafupifupi monga momwe kumayendera m'kaulusi, motero sikumwazikanso.

Mapepala ambiri oonekera a masiku ano sapakidwa mafuta ayi. Kufakitale amasinja timaulusi m'madzi kwa nthawi yaitali mpaka titafewa ngati phala la mwana, kenaka amalipanikiza pepalalo ndi zitsulo zolemera kuti timipata titsekeke. Kapangidwe kameneka kamalipatsa pepalalo makhalidwe atatu oyenera kuwadziwa: ndi losalala, limamwa chinyezi msanga nkupindika, ndipo likapindidwa limasiya mzere woyera umene suchedwa kung'ambika.

Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Cha m'ma 1400, mmisiri wina wa ku Italy, dzina lake Cennino Cennini, adalemba buku lophunzitsa anyamata ntchito yojambula, ndipo m'bukumo adafotokoza kapangidwe ka pepala loonekera popaka mafuta a linseed pachikopa chopalidwa bwino kapena papepala loyera. M'chaka cha 1842, Sir John Herschel wa ku England adatulukira njira yosindikizira ndi kuwala kwa dzuwa papepala lopakidwa mankhwala. Patapita zaka, akatswiri a zomangamanga adaitengera njirayo: ankajambula pulani ya nyumba papepala loonekera, nkulisanjika papepala lamankhwala lija padzuwa, ndipo kuwala kunkadutsa ponseponse kupatula pamizere yokha, motero ankapeza mapulani ambiri kuchokera ku imodzi. M'zaka zimene bungwe la Capital City Development Corporation, lokhazikitsidwa mu 1968, linkamanga likulu latsopano ku Lilongwe, kumene boma lidasamukira mu 1975, ojambula mapulani a nyumba ndi misewu m'maiko ambiri ankadalira pepala loonekera tsiku ndi tsiku. Lero ntchito yambiri yotere idalowa m'kompyuta, koma kusukulu, kwa telala ndi kwa wolemba zikwangwani pepalali likadafunikabe.

Kasankhidwe kake

Choyamba, yang'anani nambala yolembedwa pachikuto. Nambalayo imanena kulemera kwa chidutswa cha pepalalo cha mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Pepala loyera la m'maofesi kawirikawiri limalemera magalamu 80, ndipo limeneli likhale muyeso wanu. Pepala loonekera la magalamu 40 mpaka 50 ndi lopyapyala, limaonekera kwambiri ndipo mtengo wake ndi wotsika, koma silipirira chofufutira. Ndi loyenera kuyeserapo ndi kutaya. La magalamu 60 mpaka 70 likwanira ntchito zambiri za mwana wasukulu ndi za mayi wopeta nsalu. La magalamu 90 mpaka 110 ndi lolimba, limalandira inki, limalola kufufuta kangapo, ndipo ndilo loyenera chithunzi chimene mufuna kuchigwiritsa ntchito kwa zaka. Musaononge ndalama kugulira mwana wa Sitandade 5 pepala lolemera, ndiponso wolemba zikwangwani asadzinamize ndi lopyapyala chifukwa chotchipa.

Chachiwiri, liyeseni musanagule lambiri, pakuti safunsa adadya phula. Lisanjikeni panyuzipepala muone ngati malemba ang'onoang'ono akuwerengeka bwino. Lembanipo ndi pensulo kenaka mufufute: pepala labwino limatsala loyera ndi losatuwa. Dontheziranipo inki kapena lembanipo ndi cholembera chimene mudzagwiritse ntchito, muone ngati mzere ukukhala woongoka kapena ukufalikira. Pali mapepala ena onyezimira, monga lija lophikira makeke, amene amaonekera ndithu koma ndi oterera kotero kuti pensulo ndi inki sizigwirapo bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, ganizirani ukulu wa ntchito. Mapepala a m'kabuku a muyeso wa A4, ndiye kuti masentimita 21 mulifupi ndi pafupifupi 30 mulitali, akwanira zithunzi za m'kope. Wolemba pakhoma afune lija logulitsidwa lokulungidwa ngati mphasa, kuti asavutike ndi kulumikiza tizidutswa.

Pamene sitolo ili kutali

Ambiri mwa inu omvera muli kutali ndi masitolo a ku Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu. Musataye mtima, pakuti njira zilipo. Yosavuta koposa ndiyo zenera. Matani chithunzi pagalasi la zenera masana, sanjikanipo pepala loyera lopyapyala, ndipo kuwala kwa dzuwa kudzaonetsa mizere yonse. Njira imeneyi siononga kanthu.

Njira ina ndi ya mandasi ija. Tengani pepala loyera lopyapyala, lipakeni mafuta ophikira pang'ono chabe ndi kansalu ka thonje, lipukuteni mbali zonse ziwiri, kenaka liikeni pakati pa nyuzipepala zakale kwa masiku awiri kapena atatu kuti mafuta otsala amwedwe. Koma dziwani kuipa kwake. Mafuta ophikira sauma kwenikweni, choncho pepala lotere lidzathimbiriritsa buku la sukulu kapena nsalu yoyera mukalisiyapo nthawi yaitali, inki siigwirapo, limachita chikasu, ndipo mphemvu ndi makoswe zimalikonda. Ena amapaka mafuta a parafini, amene amauluka pang'onopang'ono pepala nkubwerera mwakale chithunzi chili pomwepo. Ochita zimenezi achitire pabwalo, kutali ndi koloboyi, mbaula ndi ana aang'ono, pakuti moto ndi parafini sizionana.

Kutenga chithunzi

Yambani ndi kusamba m'manja ndi kupukuta bwino, chifukwa thukuta la zala limasiya malo amene pensulo siigwira ndiponso limakwinya pepala. Sanjikani pepala loonekera pachithunzi ndi kulimata pamakona awiri a pamwamba pokha, kuti muzitha kulitukula ngati chitseko nkuona ngati mwasiya mzere wina. Lembani timitanda ting'onoting'ono pamakona anayi a chithunzi. Pepala likasuntha, timitandato tidzakubwezerani pamalo pake. Pansi pa dzanja lanu ikani kapepala koyera.

Pensulo nazo zili ndi mitundu. Yolembedwa H ndi yolimba ndipo imalemba mopepuka. Yolembedwa B ndi yofewa ndi yakuda. Ya HB ili pakati. Potenga chithunzi gwiritsani ntchito HB yosongola bwino, ndipo musakanikize, kuopa kusiya mikwingwirima m'buku la eni ake. Tengani mizere ikuluikulu yokha. Mukajambula mapu a dziko lathu, yambani ndi malire, nyanja, ndi mtsinje wa Shire kuchokera pa Mangochi kudutsa m'nyanja ya Malombe mpaka kumwera. Mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Linthipe ibwere pambuyo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Njira zitatu zosamutsira

Njira yoyamba imapereka chithunzi monga momwe chidaliri. Tembenuzani pepala loonekera, ndipo kuseri kwake bwerezani mizere yonse ndi pensulo yofewa, monga 2B kapena 4B. Litembenuzeninso kuti nkhope yake ikhale pamwamba, lisanjikeni papepala labwino, limateni, kenaka tsatani mizere ndi pensulo yolimba kapena ndi bolopeni imene idatha inki. Makala a pensulo a kuseri aja adzatsala papepala labwinolo.

Njira yachiwiri ndi yachidule koma imatembenuza chithunzi. Mukatenga chithunzi ndi pensulo yofewa, nkugadabuza pepala kamodzi kokha ndi kukhula kuseri kwake ndi supuni, chakumanja chimapita kumanzere monga pagalasi lodziyang'anira. Apa ndi pamene ana ambiri amalakwira: nyanja imene ili kuvuma kwa dziko lathu imapezeka kuzambwe, kumalire ndi Zambia, ndipo dzina la golosale limawerengeka chobwerera m'mbuyo. Komabe njirayi ili ndi ntchito yake. Pojambula chinthu chofanana mbali zonse ziwiri, monga mtsuko, gulugufe kapena duwa la pansalu ya patebulo, jambulani theka lokha, mulitenge, mugadabuze pepala, ndipo theka linalo lidzafanana ndendende ndi loyambalo. Wosema chidindo pathabwa kapena pambatata afunanso chithunzi chotembenuzika, kuti podinda chituluke choongoka.

Njira yachitatu ndi ya pakhoma ndi pabolodi, ndipo aphunzitsi ayenera kuimvetsa bwino. Tengani chithunzi papepala lolemera, liyaleni pabulangeti lopinda kapena pachiguduli, ndipo boolani timabowo ndi singano motsata mizere, motalikirana ngati theka la sentimita. Amene ali ndi makina osokera achotse ulusi nayendetse pepalalo pansi pa singano. Ntchitoyo idzatha msanga. Kenaka mangani fumbi la choko m'kansalu kopyapyala ngati mukulemba pabolodi, kapena makala osinja bwino ngati mukulemba pakhoma loyera. Gwirizitsani pepala pamalo pake ndi kuligogoda pang'onopang'ono ndi kamtolo kafumbiko; musakhule ayi. Pochotsa pepala mudzapeza timadontho tolondolera chithunzi chonse, ndipo chotsala ndi kutilumikiza. Amisiri akale a ku Italy ankatero ndithu: Michelangelo, pojambula denga la Sistine Chapel ku Rome pakati pa 1508 ndi 1512, adasamutsa zina mwa zithunzi zake ndi mapepala aakulu oboolaboola ndi fumbi la makala. Pasukulu imene ili ndi buku limodzi lokha la mapu koma ana ochuluka, mapu amodzi obooledwa motere angathe kutumikira makalasi onse chaka ndi chaka, ndipo mphunzitsi amaika dziko lonse pabolodi belu lisanalire.

Kukuza chithunzi

Pepala loonekera palokha silikuza kapena kuchepetsa chithunzi, koma limathandiza. Ndi lula, lembani timabokosi ta masentimita 2 papepala loonekera ndi kulisanjika pachithunzi. Motero buku silidetsedwa. Pakhoma kapena pabolodi lembani mabokosi a chiwerengero chomwecho, koma lililonse likhale la masentimita 10. Jambulani zimene zili m'kabokosi kalikonse m'bokosi lalikulu lolingana nako. Chithunzi chidzakula kasanu: mapu a masentimita 18 mulitali adzafika masentimita 90. Pepala la timabokosi limenelo lisungeni, pakuti lidzagwira ntchito pazithunzi zina zambiri.

Pofuna kupaka utoto

Pepala loonekera si lopakapo utoto wamadzi. Likanyowa limakwinyika ngati chikopa chouma padzuwa, ndipo silibwereranso. Utoto upite papepala lokhuthala, pathabwa, pansalu kapena pakhoma pamene mwasamutsira chithunzi. Mizere yosamutsidwayo ikhale yopepuka, yongokwanira kuti diso liione. Ikakhala yakuda kwambiri, makala a pensulo amasakanikirana ndi utoto wachikasu kapena woyera nkuudetsa. Ndipo mukakanikiza kwambiri mumakumba tingalande m'pepala, m'mene utoto umasonkhana. Pakhoma, kunthani fumbi lamakala lotsala musanayambe ndi bulashi.

Chenjeraninso ndi pepala la kaboni la m'maofesi. Mizere yake siifufutika, imakana utoto wamadzi, imatha kutulukira pamwamba pa utoto wowala, ndipo pansalu yoyera imavuta kuchapa. Kuli bwino kudzipangira lanu: detsani mbali imodzi ya pepala loonekera ndi pensulo yofewa, pukutani pang'ono ndi kansalu, ndipo lidzagwira ntchito ya kaboni koma mizere yake idzafufutika. Pansalu yakuda, amayi apake choko kuseri kwa pepala m'malo mwa pensulo.

Posunga, musalipinde. Ligonekeni pakati pa makatoni awiri kapena likulungeni momasuka, ndipo nyengo ya dzinja likhale m'thumba la pulasitiki, kutali ndi khoma lachinyezi. Dzuwa nalo limaliumitsa mpaka kumathetheka.

Ntchito yake yeniyeni

Tsono tifike pamutu wa nkhani yathu. Aphunzitsi ena amaletseratu pepala loonekera, amati ndi ulesi ndi kubera. Makolo ena amanyadira mwana akabwera ndi chithunzi cha mkango chokongola ngati cha m'buku, osadziwa kuti adangotsata mizere ya munthu wina. Mbali zonse ziwiri pali chimene zikuphonya. Mwana wongotsata mizere ya ena amaphunzitsa dzanja kudekha, ndipo zimenezo ndi zabwino, koma diso lake silinaphunzire kuyeza. Mukamupatsa mbuzi yamoyo kuti aijambule, amasowa poyambira. Afanana ndi mwana woyenda chogwira khoma: akuyenda ndithu, koma tsiku liyenera kufika loti alisiye khomalo.

Amisiri enieni amagwiritsa ntchito pepala loonekera makamaka pokonza zojambula zawo zomwe. Tiyerekeze kuti mtsikana wajambula mayi akusinja chimanga. Mtondo waoneka bwino, nkhope yaoneka bwino, koma mkono umodzi watalika kuposa unzake. Akafufuta, pepala lidzatuwa ndipo mwina aononga ndi nkhope yomwe. Akayamba china, zabwino zija zidzatayika. Koma akasanjika pepala loonekera, adzatenga mtondo ndi nkhope monga momwe zilili, nakonza mkono wokhawo. Ngati sunakhalebe bwino, asanjikenso lina. Pepala lachitatu kapena lachinayi ndilo adzalisamutsire papepala labwino, ndipo mzere uliwonse udzakhala wakewake. Akagadabuza pepalalo nayang'ana chithunzi chake kuseri, zolakwa zimene diso lidazizolowera, monga mutu wopendekera kapena maso osalingana, zimaonekera poyera.

Chimodzimodzinso pokonza malo a zinthu m'chithunzi. Jambulani nkhokwe pakapepala kake, mtengo wa mango pakena, mbuzi pakena, ndipo muzisuntha timapepalato pamwamba pa chithunzi cha mudzi kufikira chilichonse chitapeza malo oyenera. Wolemba chikwangwani achite chomwecho ndi zilembo, kuti dzina lisathere panjira khoma litatha, zilembo zomalizira nkumapanikizana ngati anthu m'minibasi ya ku Area 25.

Kwa aphunzitsi, uphungu wathu ndi uwu: mwana ayambe wajambula yekha poyang'ana chinthu, kenaka asanjike pepala loonekera kuti akonze. Pamapu, atsate mizere kawiri kapena katatu kuti dzanja lidziwe maonekedwe a dziko, ndipo kachinayi ajambule buku lili chitsekere.

Mawu otsiriza akhale a chilungamo. Chithunzi chili ndi mwini wake monga momwe munda uli ndi mwini wake. Kutenga chithunzi cha m'buku kuti muphunzirepo ndi chinthu china. Kuchitenga, kulembapo dzina lanu ndi kuchigulitsa ndi chinthu chinanso. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza ntchito za olemba, oimba ndi ojambula mu 1989, bungwe la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992, ndipo lamulo latsopano lidalowa m'malo mwa lakalelo mu 2016. Wofuna kugulitsa ntchito ya mnzake ayambe wapempha chilolezo.

Omvera athu, sabata ino pezani pepala limodzi, kaya logula kaya la pazenera, mujambule chinthu cha pakhomo panu pomwepo, monga mtsuko, khasu kapena nkhuku, ndipo muchikonze katatu monga tafotokozera. Aphunzitsi amene ayesa mapu oboola atilembere kalata kutiuza m'mene zayendera m'kalasi mwawo.